Dzina Lamkati

Rotherham, 9 Okutobala 2006

Okondedwa achemwali a Lizzie,

Moni kuchokera kwa ine mng'ono wanu Esnath. Kaya inu, alamu a Thomas ndi ana muli bwanji ku Bangweko? Ife kuno m'thupi tili bwino, Mayankho akukula, koma mtima wanga suli m'malo. Ndikulemba mothamanga, mukhululuke zilembozi.

Musanapitirire, onani m'envelopumu. Muli pepala lina lopinda kanayi, la inki yobiriwira. Lisanyowe, ana asaligwire. Ndikufotokozerani.

Mukudziwa kuti chichokereni bambo a Mayankho mapepala anga okhalira kuno anatha, ndiye ndimagwira ntchito pa dzina la Daphne, mayi wa ku Zomba amene ndimakhala m'nyumba mwake uja. Ku ejensi yotipezera ntchito ndine Daphne, m'basi ndine Daphne, ngakhale ku tchalitchi ena amandiitana choncho. Aboma akadziwa zoona ndi ndege basi, ndipo mwanayu sindikudziwa kuti angamutani.

Kuyambira Juni ejensi imanditumiza kwa mkulu wina wachimwenye, a Pishalodi. Ali ndi zaka 79, amakhala okhaokha. Mwana wawo ndi dokotala ku Liverpool, ndi amene anakawatenga ku India akazi awo atamwalira, koma amabwera mwa apo ndi apo, foni ili kukhutu. Ine ndimawasambitsa, kuwaphikira mpunga ndi kuwapatsa mankhwala. Si amwenye a sitolo ayi. Anali mtolankhani kwawoko zaka 41, komanso analemba mabuku asanu ndi anayi. Ali pa shelefu, kumbuyo kwake kuli chithunzi chawo akadali ndi tsitsi. Akuti anayamba ali ndi zaka 19, ntchito yawo inali yosaka zilembo zolakwika nyuzipepala isanatuluke. Boma linawatsekerapo miyezi isanu chifukwa cha zolemba zawo. Pano akulemba buku lakhumi, la moyo wawo, m'kope lalikulu lachikuto chakuda.

Munthu wake ndi wamafunso. Kwanu mvula imayamba mwezi uti? Amayi ako ankaphika chiyani ukadwala? Achemwali, zaka zitatu kuno palibe anandifunsapo kanthu kupatula tikiti. Anandilola kumabwera ndi Mayankho mobisa poti ndilibe womusiyira. Tsiku lina anaitana katatu, Daphne, Daphne, Daphne, ine duu osatembenuka. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe, dzina limeneli ndi la eni ake. Lako ndi liti?" Ndinawauza. Sindikudziwa chinandilowa. Ndinangofuna kumva munthu wamkulu akulitchula.

Lachisanu ndikupukuta tebulo ndinapeza kope lija lili chitsegulire. Zilembo zawo ndi zopotanapotana ngati matumbo a nkhuku, sungatolepo kanthu. Koma pakati pa tsamba panali mawu awiri m'zilembo zathu zomwezi, zikuluzikulu: ESNATH. MAYANKHO. Iwo anali akuwodzera pampando. Ndinang'amba tsambalo pang'onopang'ono n'kulibisa pachifuwa.

Chonde pitani nalo ku Limbe, mmwenye aliyense wa sitolo akuwerengereni. Kuno sindingafunse munthu, angandineneze. Ndikufuna ndidziwe alemba chiyani za ine, ndipo akufuna kupita nazo kuti. Yankhani msanga. Pa envelopu muzilemba Daphne monga mwa nthawi zonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esnath

Bangwe, 2 Novembala 2006

Iwe Esnath,

Kalata yako yafika Lolemba. Tonse tili bwino kupatula alamu ako, dzino lawavuta ndipo akulira kuposa mwana. Mvula sinayambe, fumbi lokhalokha.

Anzako ku Ulaya amatumiza majekete, iwe watumiza pepala lakuba. Chabwino, ndinapita. Ndinasiyira mnzanga benchi langa la nyemba n'kukalowa m'sitolo momwe ndimagula zitenje muja. Mwini wake anavala magalasi, n'kuliyang'ana, n'kulizondotsa, n'kulitembenuzanso. Akuti, "Mama, ichi si chathu." Ine ndati, "Si chanu bwanji, inu si mmwenye?" Iye akuti, "Nanga inu si Mmalawi? Tandiyankhuleni Chinkhonde ndimve." M'sitolo monse anthu kuseka, ine manyazi mpaka kumapazi. Akuti iwo ndi Agujarati, ndipo ku India ziyankhulo zilipo zambiri kuposa maboma a m'Malawi muno, chilichonse ndi zilembo zake. Ine ndakula ndikuganiza kuti Chimwenye n'chimodzi!

Ndinapita kwa wa misomali, chimodzimodzi. Ndinapita kwa mkulu wina wa ndevu pafupi ndi mzikiti, akuti chawo amalemba kuyambira kumanja. Mapazi anatupa. Wachinayi ndi amene anati zilembo zozungulira chonchi ndi za kummwera kwenikweni, kwa anthu a kokonati, chiyankhulo chake amati Malayalamu. Anandilembera padzanja kuti ndisaiwale. Akuti oyankhula chimenechi kuno sapezeka m'sitolo, ambiri ndi ansembe ndi masisitere. Alamu ako amva kuti ku chipatala china cha mishoni kupitirira Thyolo kuli sisitere wa kumeneko. Ndipita ndikangopeza tsiku.

Koma mng'ono wanga, pakamwa pako bwanji? Waiwala za amalume nthawi ija ya chipani chimodzi? Anabwera munthu waulemu, womwetulira, n'kuwafunsa dzina n'kulemba m'kabuku. Sabata isanathe galimoto inafika. Mtolankhani ntchito yake ndi kutola, ndipo chomwe watola amakachiyanika poyera. Usamuuzenso kanthu. Akafunsa za mvula, uzinena kuti kwathu sikugwa mvula.

Umupsompsone Mayankho. Kodi Chichewa amamva, kapena tidzayankhulana naye ndi manja?

Mkulu wako,
Lizzie

Rotherham, 21 Novembala 2006

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndawerenga kanayi. Zinthu zafika poipa.

A Pishalodi anazindikira kuti tsamba palibe. Anandiuza ndisunthe mipando, ndiyang'ane m'bini, pansi pa bedi, mpaka m'firiji. Ine ndinkafuna nawo, ndikudziwa kuti lili ku Bangwe. Anandifunsa kamodzi kokha, "Sunalione?" Ndinati ayi. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndang'amba ndekha osadziwa. Mutu wayamba kundithawa." Misozi inkangotsika. Mayankho anawapatsa chidole chake kuti atonthole.

Ndinatsala pang'ono kuulula. Koma mawa lake, pofuna kuwasangalatsa, ndinatenga buku limodzi pa shelefu, lojambulidwa bwato, n'kufunsa kuti limanena chiyani. Maso awo anawala. Akuti ali mnyamata bwato lowolotsa anthu linagubuduzika pamtsinje wa kwawo. Akuluakulu analengeza kuti amira ndi anthu 12. Iwo anayenda wapansi masiku asanu ndi anayi, khomo ndi khomo, m'matope, kufunsa kuti muno ndani sanabwere. Anapeza mayina 47 n'kuwasindikiza onse patsamba loyamba la nyuzipepala, aliyense ndi mudzi wake. Buku lawo loyamba linachokera pamenepo, ndipo ndi limene linawatchukitsa. Kenako anamenya patebulo n'kunena monyada, "Zaka 41 sindinasinthepo dzina la munthu ngakhale kamodzi. Andiopseza, andimanga, koma dzina ndimalemba momwe lilili."

Achemwali, mwamva? Sasintha dzina. Ndipo akuti Januwale akubwerayu mwana wawo atenga kope lija kupita nalo ku India kukasindikiza. Ndani akudziwa masamba ena alembamo zotani?

Tsono atatha kunena zimenezo anandiyang'ana n'kuti, "Dzina lako lija, lenileni lija, landithawa. Tanenanso." Ndinakumbukira mawu anu. Ndinati, "Ndine Daphne, bambo." Kenako anati, "Chabwino, Daphne." Tsiku limenelo sanadye.

Ndinamuuza Daphne mwini wake zonse, poti dzina ndi lake. Anakalipa mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma. Akuti, "Uli ndi nzeru iwe? Mwa anthu onse mu England ukaulule kwa wa nyuzipepala? Zikatuluka ine ndikauza apolisi kuti unandibera mapepala." Wandipatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti ndichoke m'nyumba mwake.

Mayi wina wa ku tchalitchi wandipezera kachipinda ku Wakefield, akuti kuli ntchito yolongedza katundu. Tinyamuka Loweruka. Kwa a Pishalodi sinditsanzika, angandifunse komwe ndikupita ndipo ine pakamwa panga mukupadziwa. Adiresi ndidzakutumizirani ndikaona kuti kuli bata. Mutipempherere.

Esnath

Bangwe, 4 Disembala 2006

Esnath mng'ono wanga,

Sunayankhe kalata yanga ya Novembala, kaya yako ili m'njira. Tili bwino, dzino lija anazula, mvula yagwa, tadzala. Koma siya zimenezo. Khala pansi uwerenge.

Ndinapita ku mishoni kuja. Minibasi ziwiri ndi njinga ya kabaza, matako anga akudziwa. Ndinamupeza Sisitere Agatha, kamunthu kakafupi, Chichewa chake kuposa cha mwana wako. Ndinamupatsa pepala. Sanalizondotse ayi, anangoyamba kuwerenga milomo ikugwedera. Atafika pakati anafunsa kuti walemba ndani. Nditatchula dzina anakhala pabenchi la odwala n'kugwira pakamwa. Akuti, "Akadali moyo?" Akuti bambo ake ankawerengera banja lonse nkhani za mkuluyo mokweza Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndipo buku lawo la bwato lomira iye ankalibisa pansi pa pilo ali ku sukulu. Akuti kwawoko anthu ambiri amaganiza kuti anamwalira kalekale.

Anandimasulira pang'onopang'ono ine ndikulemba. Ndakukopera momwe ananenera:

"Zaka 41 ndinadyera mafunso. Ndinafunsa nduna, ndinafunsa akuba, ndinafunsa amayi amene ana awo anamira. Lero ndili m'dziko la mvula yopanda fungo, ndipo makalata amene ndimalemba kwathu sayankhidwa, poti ondidziwa anatha. Ndiye kwabwera kamtsikana ka zaka zitatu, kamakhala pansi n'kumang'amba nyuzipepala zanga zakale. Ndafunsa tanthauzo la dzina lake. Akuti ndi zimene munthu amalandira akafunsa. Ndaseka mpaka kutsokomola. Zandipeza mochedwa, zitavala thewera. Mayi ake ali ndi mayina awiri, lina lovala panja ngati jekete, lina lamkati. Lamkatilo wandipatsa ine. Kusintha dzina la munthu sindidziwa, ndipo kulisindikiza kungamuike m'mavuto. Choncho tsamba ili si la buku. Ndilichotsa kope lisanapite, ndipo kwina konse sindimutchula. Ndalemba mayina awiriwa m'zilembo zazikulu chifukwa mutu wanga wayamba kutaya mayina, ndipo awa sindikufuna kuwataya."

Ndi zomwezo. Palibe polisi, palibe boma.

Esnath, ine ndinakuopseza ndi nkhani ya amalume. Ndinalakwa, undikhululukire. Pepalalo ndabweza m'kalata muno. Ukawapatse m'manja, ugwade, unene zoona. Sisitere akuti ukawauze kuti ku Thyolo kuli munthu amene anawawerenga.

Mkulu wako,
Lizzie

Wakefield, 28 Januwale 2007

Achemwali a Lizzie,

Moni. Kaya muli moyo? Chilandirireni kalata yanu ya Novembala ija sindinamvenso kanthu. Kapena mwanditaya poti ndine chitsiru. Kapena sisitereyo anawerenga zoopsa ndiye mukuopa kundiuza. Nenani basi, ndapirira zambiri.

Ndinachedwa kutumiza adiresi chifukwa cha mantha, ndi iyo ili pamwamba pa envelopu. Kuno ndine Lucy. Ndi dzina lachitatu tsopano, nthawi zina kapitawo akaitana ndimayamba ndaganiza kaye kuti lero ndine ndani. Ntchito ndi yoika zinthu m'makatoni, kuimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amene ndimaima nawo ndi a ku Poland, amacheza okhaokha. Tsiku lonse mawu anga ndi awiri, moni ndi tsalani bwino. Mayankho ndimamusiya kwa mayi wina wa ku Chipata wa chipinda chapansi.

Galimoto ikaima pakhomo ndimazimitsa wailesi n'kumugwira mwana pakamwa. Mwezi uno ndi umene kope lija limapita ku India. Ndikadutsa pogulitsa nyuzipepala ndimayang'ana masamba oyamba ngati ndipezapo dzina langa.

Chondipweteka china ndi mwanayu. Akaona cholembera chobiriwira amafunsa m'Chingerezi chakecho kuti agogo ali kuti. Ndikamuuza kuti anapita kutali amati, "No, mummy," akuti ife ndi amene tinapita. Nanenso sindinama, nthawi ya tiyi ikakwana ndimaganiza kuti kaya a Pishalodi akuwaikira masipuni awiri a shuga monga amafunira, kaya wina akuwayankha mafunso awo aja. Munthu amene ndikumuthawa ndi yekhayo anandifunsapo za amayi.

Lembani, chonde, ngakhale mizere iwiri.

Esnath

Wakefield, 12 Malichi 2007

Achemwali anga,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ya 4 Disembala ndailandira pa 4 Malichi. Miyezi itatu inali pamwamba pa firiji kwa Daphne, mpaka anaipereka kwa mayi wa ku tchalitchi uja. Ndinaiwerengera m'basi. Ndinapitirira malo otsikira, dalaivala anachita kundifunsa ngati ndikudwala.

Dzulo Lamulungu ndinamutenga Mayankho kupita ku Rotherham. Panyumba pa a Pishalodi paja makatani anachotsa. Mzungu woyandikana nawo anati mu Januwale mkuluyo anagwa kukhitchini, anawapeza mawa lake, dzanja lamanja ndi mwendo zitafa. Mwana wawo anawapititsa kunyumba yosungira okalamba, mzunguyo anandilozera basi yake.

Nditafika pakhomo ndinasuzumira kaye m'kati. Malo ngati amenewo ndi momwe ejensi yanga yakale imatumiza anthu, ndipo m'khonde ndinaonadi mtsikana wina amene tinkagwira limodzi, amandidziwa kuti Daphne. Ndinaweramitsa mutu. Nesi wamkulu, mzungu wonenepa dzina lake Edwina, anafunsa kuti ndine ndani wawo. Ndinangoti mnzawo. Akutiperekeza, Mayankho anathamanga kutsogolo, ine n'kukuwa, "Mayankho, iwe, usathamange!"

Nesi uja anaima chilili. Akuti, "Mwati chiyani? Tanenaninso." Ndinati ndi dzina la mwana. Anagwira pachifuwa. Akuti chibwerereni mkuluyo amangotchula mawu amenewo, m'mawa, masana. Iwo ankaganiza kuti ndi Chimwenye, mwina akufuna madzi kapena chimbudzi. Anafunsa dokotala wawo wachimwenye, anafunsa wophika wachimwenye, onse anati si chathu. Achemwali, ndinaseka misozi ili m'maso. Azungunso anayenda ulendo wanu wa ku Limbe uja.

Tinawapeza pampando pafupi ndi windo, ataonda, atawafunditsa bulangete. Mayankho anakwera pamiyendo pawo ngati anachokapo dzulo. Anamugwira kumutu ndi dzanja lamoyolo n'kumutchula dzina bwinobwino.

Ine ndinagwada monga munanenera. Ndinatulutsa tsamba lija n'kunena kuti, "Bambo, ndinang'amba ndine. Ndinkaopa. Linapita ku Malawi, labwerako." Analigwira, n'kulinunkhiza, n'kupapasa mong'ambika muja. Kenako anati, "Ndiye kuti sunali mutu wanga." Ananena kawiri. Pakamwa pawo panakhota, kuseka kwake ndi kwa mbali imodzi. Akuti, "Akonzi anga onse ankadula nkhani zanga atawerenga. Iwe wadula osawerenga, ndipo wadula tsamba loyenera."

Ndinawauza za amwenye anayi a ku Limbe, ndi za Sisitere Agatha ndi buku la pansi pa pilo. Anafunsa kuti Thyolo ndi kuti, kumagwa mvula mwezi uti. Kope lija akuti linapita, buku lituluka mu Juni, ine mulibemo. Lakhumi ndi chimodzi sipadzakhala, dzanja linapita.

Kenako anayandikiza pepala kumaso, n'kulitalikitsa, n'kupukusa mutu. Akuti chigwereni zilembo zimangoyenda ngati nyerere, ngakhale zikuluzikulu. Anandipatsa n'kunena kuti, "Pali mayina awiri apa. Limodzi ndinasunga. Linalo ndalifuna miyezi inayi. Ndiwerengere."

Nesi Edwina anali pomwepo, akukonza pilo. Chitseko chinali chotsegula, mtsikana wa ku ejensi uja akudutsa ndi thireyi. Ndikanatha kunong'ona, koma makutu a mkuluyo nawonso anafooka. Ndikanatha kunena kuti mawa.

Ndinati, "Esnath."

Akuti, "Kweza mawu."

"Esnath, bambo. Ndine Esnath."

Anatseka maso n'kulitchula katatu, pang'onopang'ono, ngati akulawa. Nesi uja anatenga cholembera chakuda n'kupita pa bolodi loyera lili pamwamba pa bedi, pomwe analemba dzina la mwana wawo ndi nthawi za mankhwala. Akuti, "Tanditchulireni zilembo zake, kuti akaiwala tiziwakumbutsa." Ndinatchula chimodzichimodzi. Analemba awiri onse, langa ndi la mwana, zilembo zikuluzikulu zoti ungawerenge uli m'khonde.

Potuluka mtsikana uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana bolodi, n'kundiyang'ananso. Kenako anapitiriza ulendo wake. Sindikudziwa ngati adzanene, kapena kwa ndani. Ndikuopabe, achemwali, sindikunamizeni. Nesi atatuluka m'chipinda muja ndinatsala ndi bolodi lija, kansalu kofufutira kali pomwepo. Sindinafufute.

Lamulungu tikupitanso. Akuti ndibwere ndi shuga, kumeneko amawamana.

Mukawathokoze Sisitere Agatha, muwauze kuti uthenga wawo unafika. Pa envelopu muzilemba Lucy. Koma mkatimo muziyamba monga mumayambira muja, Iwe Esnath.

Ndine mng'ono wanu,
Esnath